Atate Anga ndi Kachidole ka Pachipata

Chisanu chikayamba kuluma, thonje likayera m'minda ya ku Zemba, ndimakumbukira kuti atate anga, a Lufeyo Mbewe, anatisiya nyengo ngati yomweyi. Anaikidwa kwawo kobadwira, cha ku Pembamoyo, pakati pa anthu amene ambiri sankawadziwa ndi nkhope yomwe. Iwo ankafuna kukagona ku Zemba, pambali pa amayi. Anandiuza, ndipo ndinamva. Kungoti anandiuzira kudzera m'kachidole ka pa tivi, ine n'kupezerapo mpata wokhala ngati sindinamve. Ndiye ndilembe za iwo tsopano, poti pakamwa panga panauma tsiku limene pankafunika.

Anali munthu wamfupi, wamatewe pang'ono, wovala chipewa chansalu chimene chinaiwala kalekale mtundu wake. Asanalowe m'nyumba iliyonse ankayamba atsokomola pakhomo, ngakhale m'nyumba imene njerwa zake anaumba okha. Amayi ankawaseka kuti, “Lowani, a Mbewe, eni ake ndinu nomwe.” Iwo ankangoyankha kuti chizolowezi sichifunsa kuti nyumba ndi ya yani. Kutchalitchi kapena pamsonkhano ankakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, thako limodzi lili m'malere, kuti wina akabwera asavutike kuwapempha malo. Ntchito imene ankaikonda inali yokonza zitseko. M'mudzi monse mwa amayi munalibe chitseko cholira kapena mpiringidzo wa khola wogwedera, chifukwa a Lufeyo ankadutsa ndi kasemasema paphewa n'kukonza osapemphedwa. Eni nyumba ena ankangozindikira madzulo kuti chitseko chasiya kukwekwereza pansi.

Ku Zemba anakhalako zaka zoposa makumi anayi, koma mpaka imvi zinati mbuu ankatchedwabe mkamwini. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini wathu ife anali amalume, a Yohane Banda, mlongo wawo wa amayi. Atate ankalima, amalume ankalamula. Nkhani za ife ana awo zikamakambidwa, atate ankakhala chapatali n'kumasema mpini.

Makaseti a vidiyo anafika kunyumba kwathu ku Boma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, atate atakhala nafe kale miyezi ingapo. Ine ndinkaphunzitsa kupulayimale, amuna anga a Zulu ankagwira ntchito ya ukalaliki. Tivi yathu payokha inkangowaza mchenga, ndiye mlamu wanga wa ku Lusaka ankatijambulira mapulogalamu a ana n'kutumiza. Mwa onsewo, ana anga awiri, Chisomo ndi Tamanda, anakonda makatuni ena achilendo, osati ojambula ndi dzanja monga tinkawadziwira, koma opangidwa pa kompyuta. Zidole zake zinali zonyezimira ngati mbale zatsopano, zoyenda mouma khosi. Nkhani yake inali ya mzinda wazitsulo wozunguliridwa ndi linga, ndipo gawo lililonse ngwazi zitatu zinkatuluka pachipata kukamenyana ndi chimphona cha diso limodzi. Loweruka masana magetsi akakhalapo, atsikana anga ankakangana kuti ngwazi iti ndi ya yani.

Atate ngwazizo analibe nazo ntchito. Chizungu sankachimva, ndiye nkhani sinkawatchinga maso. Ankakhala pakampando kawo pafupi ndi chitseko n'kumayang'ana kumbuyo kwa omenyanawo, kumene ife sitinkaona n'komwe kuti kuli anthu. Pangodya ya msewu panali kachidole kachikazi kogulitsa nyale. Anakatcha aNaphiri, ndipo ankawayamikira kuti chiyambire sanagulitsepo nyale ngakhale imodzi koma sajomba. Panalinso tiwiri tosenza mtanda wachitsulo timene ngwazi zikamathamanga zinkatigunda nthawi zonse. Amenewa ankati ndi apachibale, chifukwa anthu osabadwa pamodzi akanasiyana kalekale pa ntchito yotero.

Koma wapamtima pawo anali wa pachipata. Kanali kachidole kakafupi, mutu wake ngati ndowa yovundikira, kokhala ndi kachipsera paphewa lakumanzere. Ntchito yake inali imodzi: ngwazi zikafuna kutuluka kankakoka chitsulo, chipata n'kutseguka, zikabwerera kankakokanso. Kankaoneka nthawi yongokwanira kumeza malovu.

“Tabwezani pang'ono, ndimuone mkamwini uja,” atate ankatero.

“Agogo, nkhondo yayamba,” Tamanda ankadandaula. “Ndiye mwadziwa bwanji kuti ndi mkamwini?”

“Taona wekha. Amatsekula chipata cha eni ake, koma iye sanatulukirepo. Ndipo pakamwa sanamupatse.”

Tinkaseka mpaka misozi, iwonso ankaseka nafe. Ndinkaganiza kuti ndi nthabwala za ukalamba basi.

Kamodzi kokha m'moyo wanga ndinawaona akutsutsana ndi amalume, ndipo nkhani yake ndinali ine. Nditasankhidwa kupita kusekondale, amalume anali atandipezera kale mwamuna, munthu wa ng'ombe zake ndi ngolo. Anati sukulu yakwana, mtsikana wodziwa kulemba kalata wafika pomwe amafikira anzake. Atate anasiya mpini umene ankasema n'kuyandikira.

“Alamu, mwanayu apite kusukulu.”

Amalume anawayang'ana ngati mbuzi yalankhula. “A Mbewe, tambala wobwereka salira kuposa eni khola.”

Atate anabwerera ku mpini wawo. Kutacha anamangirira kasutikesi kanga pa njinga, anandikweza, n'kupalasa tsiku lonse. Pa zitunda ankatsika n'kumakankha ine ndili pomwepo, ati ndisadetse nsapato. Atabwerera, amalume anatha chaka chathunthu osawapatsa moni, ndipo atate anapirira chakacho mwakachetechete, m'mudzi mwa eni ake, akudutsa pakhomo pa amalume tsiku ndi tsiku popita kudimba. Choko chimene ndagwira moyo wanga wonse chinachokera pa njinga imene ija.

Amayi atamwalira, maliro atatha, titameta, amalume anaitanitsa abale pansi pa mtengo wamango umene atate anabzala ali mnyamata. Sindinganene kuti amalume anali munthu woipa mtima. Anali munthu wa mwambo, ndipo analankhula mwaulemu.

“A Mbewe, mwatisungira bwino mlongo wathu, mwatilerera ana. Sitikukuthamangitsani ayi. Tikukusudzulani monga amachitira makolo, kuti mukhale omasuka.”

Atate anawomba m'manja mofatsa. “Zikomo, alamu. Omasuka kupita kuti?”

Nyumba inayenera kugumulidwa poti mwini wake wapita, ndipo atate anapempha kuti ayambe azula okha chitseko kuti chisasweke. Anachisenza n'kukachiika panyumba ya mayi wina wamasiye amene ankatseka pakhomo ndi mphasa. Iwo anatenga njinga, khasu ndi kasemasema. Ku Pembamoyo anakhalako miyezi iwiri yokha. Alongo awo onse anali atamwalira, ndipo ana a alongo awowo ankawatchula kuti agogo a ku Zemba. Ku Zemba anali a ku Pembamoyo, ku Pembamoyo anali a ku Zemba. Nditapita kukawaona ndinawapeza akugona m'kakhitchini, ndipo ndinabwerera nawo tsiku lomwelo.

Amuna anga ndi Mngoni, kwawo bambo ndiye mwini ana, ndiye za kusudzula ankangopukusa mutu. Anawalandira bwino atate, sindinganame. Koma atate analowa m'nyumba mwathu ndi katsokomole kawo komwe kaja. Tsiku lina ndikuwapatsa madzi osamba anati, “Ndinali mkamwini kwa akazi anga, lero ndine mkamwini kwa mkamwini wanga. Udindo umenewu wandikonda.”

Anakangana kamodzi ndi a Zulu, ndipo chifukwa chake chinali makaseti omwewo. Ife timapemphera mpingo wa chipentekoste, ndipo Lamlungu lina abusa analalikira kuti zidole za pa tivi ndi khomo lolowera ziwanda m'mabanja. A Zulu anafika kunyumba atatentha, anasonkhanitsa makaseti onse kuti akawotche kuseri. Atate anaima pakhomo kuwatchinga, chinthu chimene sanachitepo.

“Apongozi, ziwanda ine sindizidziwa. Koma zilombo za gule ndakula nazo, ndipo chilombo chikamavina pabwalo ndiye kuti pali...” Anandiyang'ana ine, munthu wamkazi, n'kumeza mawu otsalawo. Zinsinsi za kudambwe anapita nazo kumanda, ngakhale anali atasiya gule zaka zambiri. Kenako anayambira pena. “Zidolezi anapanga ndi munthu. Munthu ameneyo anakhala pansi n'kupanga ngwazi, chabwino. Koma anapanganso wa pachipata, n'kumupatsa kachipsera paphewa, chinthu choti palibe angachione. Chiwanda chingakhale ndi nthawi yotero?”

Makaseti anabwerera m'kabati, koma panakhala lamulo loti tizipemphera tisanaonere. Atate ankavula chipewa n'kutsinzina moona mtima, kenako n'kufunsa ngati aNaphiri agulitsako nyale sabata ino.

Ku gule, ndinamva kwa anzawo, sanagwirepo mbalule, ng'oma yotsogolera imene aliyense amaitama. Iwo ankaimba kang'oma kothandizira, kugunda kumodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ankakonda kunena kuti woimba mbalule amapita kwawo ndi dzina, woimba kang'oma amapita ndi matuza, koma kang'omako katangoleka, mbalule imasanduka phokoso. Sankanena modandaula. Ankanena ngati munthu wofotokoza kuti mvula imachokera mbali iti.

Loweruka limene ndikufuna kunena linali la mwezi wokolola. Ine ndinali patebulo kuchonga makope, diso limodzi ku tivi. M'gawo la tsikulo chimphona chija chinafika mpaka palinga n'kugwetsa chipata. Chitseko chachitsulo chinagwera wa pachipata uja, kunangotsala kadzanja kakusuzumira pansi pake. Ngwazi zinatuluka mothamanga, imodzi inaponda pachitseko pomwepo podumpha. Zinagonjetsa chimphona, zinabwerera, mzinda wonse unavina, nyimbo yotsekera n'kuyamba.

Atate anaimirira n'kuvula chipewa.

“Tabwezani.”

Chisomo anabweza. Tinaoneranso. Anapempha kachitatu.

“Palibe ndi mmodzi yemwe wagwada,” anatero. “ANaphiri omwe sanasiye nyale zawo.”

Gawo lotsatira linali pakaseti yomweyo. Chipata chinali chitakonzedwa, ndipo pambali pake panaima wa mutu wa ndowa, akukoka chitsulo ngati palibe chachitika. Atsikana anawomba m'manja kuti wauka kwa akufa. A Zulu, amene kuofesi kwawo kunali kutangofika kompyuta, anafotokoza monyadira kuti makinawo amangokopera chidole chimodzi kambirimbiri, ndiye palibe wafa, palibe wauka, ndi yemweyo.

“Si iyeyo,” atate anatero. “Uyu phewa lake ndi losalala. Angotenga wina n'kumuimika pamalopo.”

Tinaimitsa kaseti kuti tione, koma chithunzi chikaima chinkanjenjemera, phewa silinkaoneka bwino. Ana anatopa n'kutuluka, a Zulu anapita kukasamba. Tinatsala awiri. Atate anali chiimire, chipewa chili m'manja.

“Esinati, amayi, uja anakamuika kuti? Kwawo kumene anachokera, kapena pachipata pomwe anakalambira?”

“Atate, ndi zidole chabe.”

“Ndamva. Koma iwe ukanakhala mwana wake, anthu atasonkhana n'kukufunsa, ukananena kuti chiyani?”

Ndinadziwa chimene ankafunsa. Ndisanamize aliyense, ndinadziwa bwinobwino. Munthu amene moyo wake wonse sanapemphepo kanthu ankandipempha malo ogona, ndipo anazungulira njira yonseyi kuti ndikakana asachite manyazi, inenso ndisachite manyazi. Koma ndinaona patsogolo panga mkangano wa midzi iwiri, nkhope ya amalume, ndi imfa ya atate imene sindinkafuna kuiganizira masana a Loweruka. Ndinaseka n'kunena kuti, “Zidole sizibereka, atate.” Ndinabwerera ku makope anga.

Iwo anavala chipewa. “Zoona,” anatero, n'kutuluka kukaona njinga yawo. Kuyambira tsiku limenelo ankakhalabe pakampando kawo Loweruka, koma sanapemphenso kuti tibweze.

Chibayo chinawagwira chisanu cha chaka chomwecho. Anagona m'chipatala masiku atatu, mpweya uli wochepa moti sankatha kumaliza mawu. Ndinakhala pambali pawo masiku onsewo, ndipo ndikanatha kuwanong'oneza kuti ndinamva, asadandaule. Ndinkangowauza kuti achira.

Uthenga wa maliro utapita, ana a alongo awo anafika kuchokera ku Pembamoyo motsogozedwa ndi a Simoni, wamkulu wawo. Amalume anabwera pa njinga kuchokera ku Zemba, atakalamba kwambiri. Tinakhala kuseri kwa nyumba kukambirana. Panali abusa, akuluampingo, ndi anzawo a a Zulu a kuofesi atavala mataye. A Simoni analankhula mwachidule kuti malemu anasudzulidwa, ndiye mtembo ndi wa kwawo, monga mwambo unenera. Onse anavomera ndi mitu. Amalume okha anatembenukira kwa ine.

“Esinati, iwe ndiwe wamkulu, ndipo wakhala nawo. Bambo ako anasiya mawu?”

Ndikananena chiyani? Kuti inde, anasiya mawu, anawasiya pa kachidole ka mutu wa ndowa? Pamaso pa abusa amene anati zidolezo ndi ziwanda, pamaso pa anthu a mataye? Ine mphunzitsi, mkazi wa kalaliki, mayi wodziwika mumpingo? Ndikanangoti anafuna ku Zemba, osafotokoza zambiri, zikanakwana. Izi ndimaziona lero. Tsiku limenelo manyazi anandigwira, ndipo ndinaopa kuti andifunsa kuti ananena liti, ananena bwanji.

“Sanasiye mawu, amalume.”

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, “Chabwino,” n'kugwira ndodo yawo. Tinakawaika atate ku Pembamoyo. Wolalikira anachita kufunsa dzina lawo kawiri, ndipo pa mbiri ya malemu panangonenedwa kuti anabadwira kuno, anakakwatira kutali, wabwerera kwawo. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, ndipo palibe wina woti ndimuloze chala.

Patapita mvula ziwiri ndinapita ku Zemba kukamanga chiliza pamanda a amayi. Amalume anali atamwalira chaka chomwecho. Amene anatitsogolera kumanda anali a Sandikonda, mkulu wa adzukulu okumba manda m'mudzimo. Manda anali atachuluka, zaka zimenezo tinaika anthu ambiri, moti mitumbira inachita kugundana. Koma kumanzere kwa amayi kunali malo opanda kanthu, ndipo m'ngodya zake zinayi munali miyala yokwiriridwa theka. Ndinafunsa kuti bwanji pamenepa anapadumpha.

“Simukudziwa, amayi? Ndi pa a Lufeyo. Miyalayi anaika okha asanachoke m'mudzi muno.”

“Amalume ankadziwa?”

“Anavomera ndi iwowo. Anati munthuyu watitsekera zitseko zaka zonsezi, agone ndithu pambali pa mkazi wake. Koma anati mawu adzachokere kwa mwana wake wamkulu pamaliro, kuti akwawo asadzati tawalanda mtembo. Tsiku limene a Yohane anapita ku Boma lija, ife tinali titanola kale makasu. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka.”

Malowo alipobe. Ndi aafupi, chifukwa atate anayeza msinkhu wawo womwe osawonjezerapo, ndipo anawapanikiza kumbali kuti asadye njira ya anthu odutsa. Masana mthunzi wa mtengo wamsuku umaphimba chiliza cha amayi n'kuthera pa mwala woyamba. Pamamera tsekera ndi chisoso, nyerere zinaboola kanjira kawo pakati. A Sandikonda nawonso anapita, koma adzukulu atsopano amapadumphabe, ngakhale ambiri sadziwa chifukwa chake. Chaka chilichonse ndikapita kukalambula kwa amayi ndimalambulanso pamenepo. Khasu limanjanja, chifukwa dothi lake silinakumbidwepo.